Thanki ya nsomba za madzi amchere ku Kasungu kuno, zingatheke?

WakuChinkhoma:
Moni nonse akuluakulu. Ndili ndi kamalo kodyera pa Kasungu boma pano nde ndakhala ndikulakalaka kuika thanki ya galasi pakona pomwe makasitomala amadikirira chakudya, koma osati ya madzi wamba ayi, ndikufuna ya madzi amchere ya ma coral (tamoyo ta mnyanja ya mchere tooneka ngati maluwa kapena miyala) ija imaoneka pa YouTube yowala buluu, muli tinsomba ta mizere yoyera tija amati clownfish. Wondipangira galasi ndampeza kale ku Lilongwe, ya malita 200. Achimwene anga amayendetsa thiraki ku Dar es Salaam nde akuti miyala ija amati live rock atha kunditolera kunyanja konko nkuiika mchigubu. Kodi ikafika ndingoiponya mmadzi nkuika nsomba tsiku lomwelo? Sefa yake ndigule yotani, ija ya siponji ya ma goldfish ikwana? Nanga mchere ndi womwewu timathira mndiwowu? Ndithandizeni chonde, ndalama yake ndasunga movutikira.

Matchona_wa_ku_Kamwendo:
Amwene imani kaye pamenepo. Ine ndili ku Johannesburg ganyu yanga inali yomweyi yotsuka ma thanki mmanyumba mwa anthu, nde ndikuuzeni zomwe ndinaona ndi maso.

Mchere wa kukhitchini ayi ndithu. Pamafunika wogula mthumba kapena mndowa wolembedwa reef salt, muli calcium, magnesium ndi zina zomwe ma coral amamangira thupi lawo. Pa lita imodzi pamalowa magalamu pafupifupi 35, ndiye malita 200 anuwo adya makilogalamu 7 poyambira pokha, ndipo muzifunabe wina chifukwa sabata iliyonse kapena pakatha masabata awiri mumachotsako madzi okwana 10% nkuthiramo atsopano osakaniza kale. Kuyeza kwake si kolawa ndi lilime, pali kachipangizo amati refractometer, mumadontheza madzi pa kagalasi nkusuzumira pa kuwala, pazionetsa 1.025. Madzinso a pampopi ali ndi klorini, a pa mjigo mumaona nokha mmene amayeretsera ketulo mkati, onsewo amabweretsa ndere zobiriwira zosatha. Pamafunika madzi odutsa mu makina a RO (reverse osmosis), osefa madzi nkuchotsa zosungunuka mmadzimo.

Za miyalazo ndipomwe anthu ambiri samvetsa. Mwalawo si wokongoletsa chabe, ndiwo sefa yeniyeni ya thanki yonse. Ukautola ndi wopepuka, uli ndi timabowo tambirimbiri ngati chisa cha njuchi, mtimabowomo ndimomwe mumakhala ma bakiteriya. Nsomba ikachita chimbudzi kapena chakudya chikaola mmadzi mumatuluka ammonia, imeneyo ndi poizoni, imawotcha makha a nsomba. Ma bakiteriya ena amaisandutsa nitrite, nayonso ndi yakupha, kenako ena amaisandutsa nitrate yomwe ilibe ukali kwambiri ndipo imachepa mukamasintha madzi muja. Koma kuti ma bakiteriyawa achuluke mokwanira pamatenga masabata 4 mpaka 6, nthawi zina kuposa apo, thanki ikungoyenda yopanda nsomba olo imodzi, inu mukungoponyamo kachakudya pang'ono kuti kaole nkumayeza ndi timabotolo ta test kit. Ammonia ikwera nkutsika, nitrite ikwera nkutsika, zonse zikafika pa 0 mpamene mumaika nsomba, ziwiri zokha kaye. Pakati apa galasi ndi mchenga zidzachita bulawuni ngati zachita dzimbiri, musadzataye madzi poganiza kuti zaonongeka, zimatero thanki iliyonse yatsopano ndipo zimatha zokha.

Miyala ikhale kilogalamu imodzi pa malita 10 aliwonse, nde inu 20 kg. Musaiunjike kukhoma la galasi, siyani mipata madzi azidutsa paliponse. Mugule ka pampu kokankha madzi mkati, amati powerhead, kazizunguza madzi onse ka 20 pa ola. Siponji ija imangogwira zinyalala zooneka ndi maso, mukaisiya osachapa masiku angapo imasanduka gwero la nitrate. Chomwe chimathandiza kwambiri ndi protein skimmer, imapanga thovu nkukwezera nyansi mkakapu pamwamba, mukakatsegula mumapeza madzi akuda bii onunkha, zimenezo zikanaolera mthanki.

NaBanda_Mtunthama:
Zonse anenazi nzoona koma achimwene ine nkhawa yanga ndi magetsi. Thanki imeneyi imapuma ndi pampu. Magetsi akazima madzi nkuima, mpweya umayamba kutha mmaola ochepa chabe, nsomba zimayamba kupuma mwabefu, ma bakiteriya a mmiyala aja nawonso amafa, nde magetsi pobwera mupeza madzi achita mbuu. Musanagule kanthu kena kalikonse yambani mwaganiza za sola ndi batire ndi inverter zoti ziziyendetsa pampu usiku onse, kuonjezera apo ka pampu ka mpweya ka mabatire a tochi kazikhala pafupi.

Kutenthanso. Ma coral amafuna madzi a madigiri 24 mpaka 26 osasinthasintha. Inu mukudziwa mmene kumakhalira kuno mu Okutobala mnyumba ya malata, kuli malo odyera kumene moto uli pafupi. Akapitilira 30 amayera nkufa. Fani yopemerera pamwamba pa madzi imathandiza koma madzi amauma msanga, ndipo pouma mchere umatsalira momwemo, nde pobwezeretsa mumathira madzi a RO opanda mchere, lembani kamzere pagalasi muzidzazira pomwepo tsiku lililonse. June ndi July usiku kumazizira, hita ikufunika.

Ine mtima wanga ukundiuza kuti bwanji osayamba ndi mbuna zathu zomwezi? Azungu ku Germany ndi ku America amalipira ndalama zambiri kuti akhale nazo mnyumba, zochokera mnyanja yathu yomweyi, ku Salima kuli anthu akhala akuzitumiza kunja kwa zaka zambiri. Pali zachikasu zija amati Labidochromis caeruleus, pali za buluu za mizere yakuda, munthu wosadziwa amayesa ndi za mnyanja ya mchere. Zimakonda madzi a pH (muyeso wa asidi mmadzi) 7.8 mpaka 8.5, madzi a mjigo a mmadera ambiri zimagwirizana nawo, miyala ndi yomweyi yathu yakumudzi bola kuitsuka bwino. Kungoti musakagwire nokha ku Cape Maclear, paja ndi paki yotetezedwa ya Lake Malawi National Park, funsani a Fisheries akuuzeni ogulitsa ovomerezeka.

WakuChinkhoma:
Zikomo kwambiri mayi, zikomonso akulu a ku Kamwendo. Sola ndili nayo kale ya filiji, ndionjezera batire. Mbuna ndimazikonda koma mtima wanga uli pa ya mchereyi basi, ana anga sanaonepo nyanja yaikulu ndipo ana ambiri obwera pamalo panga sadzaionanso mwina. Nde miyala ya achimwene ija ndiwauze abweretse kapena?

Matchona_wa_ku_Kamwendo:
Ayi auzeni asatole, mungawaike mmavuto pa boda ya Songwe. Ma coral olimba onse ali pa mndandanda wa Appendix II wa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a zamoyo zotetezedwa, ndipo live rock imawerengedwa komweko chifukwa ndi mafupa a coral, kudutsa nayo malire opanda chilolezo ndi mlandu. Kuswa miyala kunyanja kumaonongaso malo oswanirana nsomba za asodzi akumeneko. Olo itadutsa, kuchoka ku Dar kudzafika ku Kasungu mthiraki ndi masiku, mchigubu chotentha chopanda mpweya, zamoyo zonse za pamwalapo zifera mnjira. Potsegula mudzamva fungo la mazira owola, ammonia yokhayokha. Ina imabweranso ndi alendo osawaitana, tizilombo amati aiptasia toluma ma coral, kapena mantis shrimp, kachilombo kachibale ndi nkhanu, yobisala mbowo nkumagwira nsomba usiku.

Gulani dry rock, mwala wouma wa mshopu ya za aquarium, ndi kabotolo ka ma bakiteriya. Umachedwerapo kupsa koma pakatha miyezi umakhala wamoyo chimodzimodzi, umatha kuyamba kumera timadontho tapinki ndi tofiirira, ndere zolimba zija amati coralline, mukaona zimenezo dziwani kuti madzi anu ali bwino. Achimwenewo atumeni mchere, refractometer, test kit ya ammonia, nitrite ndi nitrate, ndi makina a RO, zimenezo siziola panjira.

Ma coral aiwaleni kaye miyezi isanu ndi umodzi. Yambani ndi miyala ndi clownfish ziwiri zoswedwa mthanki, mtundu wa ocellaris, ndi zopirira ndipo sizifuna anemone, chamoyo chonga duwa chija zimabisalamo kunyanja, kuti zikhale moyo olo anthu amatero. Mukadutsa nazo nyengo yotentha bwinobwino mpamene muyese ma coral ofewa ngati mushroom. Ma zoanthid ndi okongola koma ena ali ndi poizoni woopsa, amagwiridwa ndi magolovesi, pamalo pobwera ana ine sindingaike. Mankhwala alionse okhala ndi kopa asalowe mthankimo, amapha ma coral ndi nkhono ndipo amakanirira mmiyala.

Kalipentala_wa_pa_Santhe:
Ine za nsomba ndasiyira anzangawa koma tebulo lake mwaliganizira? Malita 200 ndi makilogalamu 200 a madzi okha, kuonjezapo galasi, miyala ndi mchenga mukuyandikira 300. Tebulo la mapulanga a paini lamalo odyera lipindika pakati galasi nkung'aluka. Pangitsani la matabwa olimba ngati mlombwa, miyendo yokhuthala, muike levulo pamwamba musanathire madzi, pansi pa galasi muyale kaphale ka styrofoam. Mukasankha lachitsulo lipakidwe penti kawiri katatu chifukwa mchere umadya chitsulo koopsa, ndipo masoketi a magetsi akhale mmwamba kumbali komwe madzi sangadonthere. Musiyenso mpata pansi pake wokwana thanki ina yaing'ono yoikamo skimmer ndi hita, ana asamafikire mawaya.