Kiyibodi ya K480,000, ndigule kapena ndisiye? Ndikusaka anthu oyimba nawo kuno ku Salima

Bambo a Yamikani:
Mwaswera bwanji nonse. Ndithandizeni maganizo. Pali mnyamata wina cha ku Kamuzu Road akugulitsa kiyibodi ya Yamaha PSR-E373 yogwiritsa kale ntchito, akuti K480,000 pamodzi ndi adaputa ndi chikwama chake, sitandi palibe. Ine zaka zanga zapitirira 40, kiyibodi ndinkaimba ku sekondale nthawi ya SCOM, bungwe lija la ophunzira achikhristu, kenako banja, ana, ntchito, zonse zinangozilala. Pano ana akula nde mtima wabwereranso kumeneko. Za kutchuka kapena kujambula ayi, ndikungofuna anthu atatu kaya anayi tizikumana Loweruka masana nkumaimba limodzi basi. Vuto ndi loti aliyense ndikamuyamba nkhaniyi amayamba wafunsa kuti muli ndi chida chanji, ndikati ndilibe nkhani imathera pompo. Mwezi uno chipeleganyu chagwera ine. Mwini kiyibodiyo wandipatsa mpaka Lachisanu. Ndigule?

Kambuzi wa ku Senga Bay:
Achimwene musapereke ndalama musanaitsegule kumbuyo. Ine anandidyera chaka chatha mpaka lero ndikakumbuka mtima umawawa. Munthu anaika zithunzi zokongola pa intaneti akuti ali ku Lilongwe, ndinatumiza theka pafoni, katundu anabwera pa minibasi atamukulunga bwinobwino m'makatoni, ndinamaliza kulipira ndisanayese chifukwa kunali kothima magetsi tsiku limenelo. Magetsi atayaka ndikupeza makiyi anayi apakati salira, ndipo apakati ndi pomwe dzanja limakhalira. Ndinapita nayo kwa okonza mawailesi kumsika atatsegula munali mphemvu ndi dzimbiri, timalabala tapansi pa makiyi tinali titadyeka. Nambala ya munthu uja siipezekanso. Pano ili pansi pa bedi ana amaikapo nsapato. Anthu ogulitsawa alibe chisoni ndithu, ndalama ija inali ya malata.

Bambo a Yamikani:
Pepani akulu. Uyuyu ndi wakonkuno, kwawo ndikukudziwa, ndayesa makiyi onse akulira.

Kambuzi wa ku Senga Bay:
Wanga ujanso ankati ndi mkulu wa mpingo.

Maestro wa ku Dwangwa:
Kkkk E373 ndi ya ana ophunzira imeneyo madala. Ine ndili ndi PSR-S770 anandibweretsera mlamu wanga kuchokera ku Johannesburg, ikalira pa ukwati anthu amaona ngati pabwera bandi yonse. Kuyambira Ogasiti mpaka Disembala sindikhala pakhomo Loweruka, zinkhoswe, maukwati, ma bridal shower, mpaka ku boma ku Nkhotakota amachita kunditumizira galimoto. Ukwati umodzi sinditsika pa 150 pin. Ngati mukufuna kulowa mu zoimba lowani ndi chida cholemekezeka, onjezerani ndalama ifike mita imodzi ndi theka mugule za S series ngati yangayi. Zinazi mungotaya ndalama.

Nachisale:
A Maestro mwawerenga koma? Bambowa sakufuna maukwati, akufuna anzawo oyimba nawo. Komanso inuyo mumaimba nokha ndi ma bit a mu makina, nde anthu oyimba nawo muli nawo angati?

Maestro wa ku Dwangwa:
Mayi ine sindisowa munthu, anthu ndi amene amandisowa.

Aphunzitsi a ku Thavite:
Ine ndingoti 480 pin yachuluka pa chinthu chodalira magetsi. Gulani gitala ya bokosi. Yanga ndinagula yakale pa mtengo wosafika kotala ya ndalama mukunenayo, ndinangosintha mawaya basi, ndipo ndimaikoleka kumsana pa njinga kupita nayo kulikonse. Anthu oyimba nawo ndinawapeza chifukwa ndinkakhala pakhonde madzulo nkumaimba, woyamba anabwera ndi mnyamata wa kabaza amene amamenya ng'oma ku tchalitchi kwawo, kenako wachipatala wina wa mawu a bezi, pano tilipo asanu. Kiyibodi imakutsekera m'nyumba pafupi ndi soketi, ndani akakumve kumeneko? Taonani a Madalitso Band, anayambira m'misewu ya mu Lilongwe ndi gitala ya mawaya anayi ndi babatoni wopanga okha, waya mmodzi yekha, koma afika mpaka ku Ulaya. A Kachamba aja ku Chileka kwela yawo yonse inali gitala, kachitoliro ndi bezi ya bokosi. Babatoni mukhoza kupanga ndi kalipentala wa pamsika, thabwa lalitali, chikopa cha ng'ombe ndi waya, ndalama yotsalayo mugulire ana mayunifomu.

Bambo a Yamikani:
Aphunzitsi ndamva, koma gitala sinditha ngakhale kodi imodzi. Zala zanga zinazolowera makiyi. Kuyamba chida chatsopano pa msinkhu uno ndikuopa ndingagwe ulesi.

Aphunzitsi a ku Thavite:
Makodi atatu okha G, C ndi D mwaimba kale theka la nyimbo za m'buku. Miyezi iwiri zala zikhala zitalimba.

Mjomba wa ku Chipoka:
Gitala kunyanja kuno imapindika khosi. Kutentha kwa Okutobala kuphatikiza chinyezi, ya mphwanga inafika poti mawaya atalikirana ndi thabwa chala kulowa. Musawanamize.

Aphunzitsi a ku Thavite:
Ankaisiya padzuwa ameneyo. Yanga ili bwinobwino.

Tadala Electronics:
Mtengo umenewo wakwera. E373 yatsopano mu katoni ndinaiona ku Area 2 pa 400 pin.

Mjomba wa ku Chipoka:
Liti? Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 palibe chinthu chochokera kunja chomwe chili pa mtengo wakale. Ine ndinafunsa miyezi yapitayi anandiuza 850. Mwina munaona zija zolembedwa Yamaha pamwamba koma mkati muli zina.

Tadala Electronics:
Ndimagulitsa zamagetsi ine, feki ndimaidziwa.

Mjomba wa ku Chipoka:
Nde kawagulireni pa 400 pinpo muwabweretsere, transport ndilipira ine.

Nachisale:
Bambo a Yamikani ine funso langa ndi lina. Mumapemphera kuti? Chifukwa m'matchalitchi ambiri kuno kiyibodi ilipo kale, chosowa ndi munthu woimba. Kwathu ku CCAP tinasonkha ndalama amayi a Chigwirizano ndi achinyamata tinagula, mnyamata amene ankaimba anasankhidwa kupita ku koleji, pano yangokhala mu vesitile yovindikira ndi chitenje, Lamulungu tikuimba ndi m'manja. Mutabwera munthu wamkulu ngati inu wokhazikika, woti sasamuka mawa, abusa angakulandireni ndi manja awiri, pulakatisi Lachitatu ndi Loweruka, anthu oyimba nawo makumi awiri nthawi imodzi osalipira kanthu. Ndipo oyimba enieni a m'tauni muno mukawapeza kumeneko, womenya ng'oma, wa bezi, onse anaphunzirira ku tchalitchi. Mukadziwana nawo ndi pomwe mungawauze kuti anyamata Loweruka lina tiyeni kwathu tikaimbe zathu. Ndalamayo sungani kaye miyezi itatu muone ngati mtimawo ukhalebe.

Bambo a Yamikani:
Mayi mwanena zomveka. Kungoti ine ndimafunanso tizimenya zija za kale, reggae ya ku Balaka ngati mmene ankaimbira a Alleluya Band, ndi tina ta manganje, nde pa chida cha mpingo sizingatheke, komiti ingandiitane. Komanso kiyibodi ya mpingo satulutsa, ndingaphunzire nthawi yanji zala zinauma kalekale?

Nachisale:
Alleluya Band yomweyo inayambira pa parishi ku Balaka, musaiwale.

Che Saidi wa ku Maganga:
Onse mukungoti tchalitchi tchalitchi, nanga ife Asilamu tikaimbire kuti? Ine ndimamenya bezi, ndinaphunzira ndikugwira ntchito pa loji ina ku Senga Bay, azungu ena anasiya gitala ya bezi nde ndinkaigwira usiku ndikaweruka. Bezi ndili nayo mpaka pano koma ampu ndilibe, ndimangoimba chamumtima osamveka. Akulu mukagula kiyibodiyo mundiuze ndibwera, pa kabaza si patali.

Bambo a Yamikani:
Che Saidi zimenezi ndi zomwe ndimafuna kumva! Ndikulemberani ku inbox.

Maestro wa ku Dwangwa:
Bezi yopanda ampu ndi kiyibodi ya timasipika ta 2.5 watts, mudzamvana bwanji ng'oma ikalowa? Apa mufunika mikisa, sipika, mawaya, maiki. Kiyibodi ndi poyambira chabe, mudzaona ndalama mmene imathawira. Ine zida zanga zonse pamodzi ndi jenereta zinadya mamita anayi. Komanso E373 yo ilibe potulutsira mawu pabwino, mumachita kubaya pa headphone, pomwe yanga ili ndi potulutsira pakepake pawiri, L ndi R.

Tadala Electronics:
Pa headphone pomwepo pamatuluka mawu bwinobwino, bola chingwe chikhale cholondola. Sipika ya trolley ya batire ija mavenda amalengezera malonda imakwana pakhonde, mubayapo kiyibodi ndi bezi yomwe. Ndili nazo ziwiri ndingakupangireni mtengo.

Che Saidi wa ku Maganga:
Bezi pa trolley imang'amba sipika, ndinayesapo ya mnzanga sinathe sabata.

Tadala Electronics:
Munakweza volume mpaka kumapeto inu.

Kambuzi wa ku Senga Bay:
Ndipo chinanso magetsi akabwera mwamphamvu adaputa imapsa ndi bodi yomwe. Kiyibodi siyendera mabatire, kukathima mwagona.

Tadala Electronics:
Bodza ilo. E373 imalowa mabatire asanu ndi limodzi a AA pansi pake, komanso adaputa yake ndi ya 12 volts nde amene ali ndi batire ya sola akhoza kulumikiza, kungosamala polarity kuti asatembenuze waya. Za S series za a Maestro zo ndi zomwe sizilowa mabatire, nchifukwa chake amayenda ndi jenereta.

Maestro wa ku Dwangwa:
Jenereta ndi ya masipika aise, osati kiyibodi.

Gogo Mbewe:
Ana inu mukukangana za zida koma chovuta si chida. Ine ndaimbapo m'magulu atatu kuyambira nthawi ya Kamuzu, onse anatha chifukwa cha anthu. Wina mkazi wake akudandaula kuti Loweruka lonse kulibe pakhomo, wina nthawi ya dzinja ali kumunda ku Lifuwu akuwokera mpunga mpaka Epulo simumuona, wina usipa ukagwa ali panyanja, wina akabwera ataledzera. Ndipo tsiku limene munthu adzakupatseni ka 20 pin kuti mwaimba bwino pa chinkhoswe ndi tsiku lomwe gulu lidzayambe kugawanika, mwini kiyibodi amati ine ndilandire zambiri chida ndi changa. Mukafuna zikuyendereni pezani anthu a msinkhu wanu amene ali ndi pogwira pawo, osati anyamata ofuna kudyera pomwepo, mugwirizane tsiku limodzi losasintha, ndipo malo akhale amodzi. Kiyibodiyo gulani ngati mukuikonda moti ngakhale osabwera munthu mudzaimbabe nokha. Ngati mukugulira kuti ikuitanireni anthu, idzaitana ndithu koma ambiri adzakhala obwereka.

Nachisale:
Pa obwereka paja agogo mwalasa. Ikangodziwika kuti muli nayo, maliro alionse, crusade iliyonse adzagogoda, ndipo kukana nkovuta ndi anthu okhala nawo.

Aphunzitsi a ku Thavite:
Babatoni sabwereka munthu kkkk

Mjomba wa ku Chipoka:
Koma kunena zoona Salima yathuyi imandimvetsa chisoni. Sand Music Festival yachitikira kangati pa Livingstonia Beach pomwepa, Lake of Stars inabweranso konkuno mu 2018, anthu amachoka ku Blantyre ndi ku Lilongwe kudzaimba pamchenga wathu, ife eni dera kungoonerera, akapita kuli zii mpaka chaka chamawa. Malo oti munthu wamba ukangofika ndi chida chako nkulowa m'gulu ine sindinawaonepo. Maloji akafuna bandi amakatenga ku Lilongwe. Bwanji wina alankhule ndi mwini loji kapena holo ya sukulu atipatse Lamulungu masana kamodzi pamwezi, aliyense abwere ndi chomwe ali nacho?

Che Saidi wa ku Maganga:
Eni maloji amafuna mudzaze malo anthu agule zakumwa. Anthu asanu oyeserera makodi sangakulandireni. Holo ya sukulu mwina.

Aphunzitsi a ku Thavite:
Kalasi ndikhoza kupempha kwa ahedi koma kwathu kulibe magetsi, ndipo ndi kutali ndi boma.

Bambo a Yamikani:
Zikomo nonse, mutu wachita kuzungulira. Ndamuimbira mnyamata uja ndamuuza 400, wakana akuti pali wina wa mpingo wa ku Khombedza akufuna pa 500 nde ndifulumire. Mayi akunyumba akuti ndalamayo tigulire feteleza kaye kiyibodi ndidzagule tikakolola. Koma nthawi imeneyo idzakhala pa mtengo wanji?

Kambuzi wa ku Senga Bay:
Za wina akufuna pa 500 zo ndi nyimbo yawo onse, nanenso anandiuza choncho. Musiyeni muone ngati sakuimbirani yekha Lolemba.

Maestro wa ku Dwangwa:
Ndili ndi Casio yakale yomwe ndinayambira, ndingakupatseni pa 300. Kiyi imodzi yakumapeto imakakamira koma simuifika kumeneko.

Nachisale:
Si inu munati zazing'onozi nkutaya ndalama?

Gogo Mbewe:
Mverani mayi akunyumba pa feteleza.

Tadala Electronics:
Amene akufuna trolley ija andipeze, yatsala imodzi. Che Saidi bwerani ndi bezi yanuyo tidzayesere pashopu pompano muone ngati ing'ambike.