Mwana akufuna A&T, bambo ake akuti Florida

Achemwali a ku Charlotte: Abale, ndithandizeni nzeru. Mtsikana wanga akumaliza high school ndipo mtima wake uli pa North Carolina A&T, akufuna engineering. Bambo ake aona pa mndandanda wa U.S. News kuti Florida A&M ndiyo ili pamwamba mwa mayunivesite aboma a anthu akuda, ndiye akakamira komweko. Tonse tili ndi green card. Ndikulemba ndili pa shifiti ya usiku, ndidzawerenga m'mawa.

Amalume a thiraki, Greensboro: Bambowo sananame. FAMU, Florida A&M ija, yakhala ikutsogola kwa zaka zingapo pakati pa ma HBCU aboma (HBCU ndi masukulu aukachenjede omwe anakhazikitsidwira anthu akuda kalekale), ndipo mukaphatikiza ndi omwe si aboma, pamwamba pamakhala Spelman ya ku Atlanta. Koma nambala imeneyo imayeza sukulu yonse pamodzi: ndi angati amamaliza maphunziro, aphunzitsi alipo angati, akuluakulu a masukulu ena amaiona bwanji. Siikuuzani za kalasi yomwe mwana wanu adzakhalemo. Pa engineering, A&T ndiyo imadziwika kuti imatulutsa mainjiniya akuda ambiri m'dziko muno. Ndi HBCU yaikulu kuposa zonse, ophunzira oposa 14,000. Ndimadutsa pa East Market Street, pomwe pali sukuluyo kuno ku Greensboro, ndikamapita kukatenga katundu, nyumba zatsopano zikungomangidwa.

Anesi a ku Durham: Ine ndiyamba ndi ndalama, chifukwa ndi pomwe ambirife timagwera. Yunivesite ya boma ili ndi mitengo iwiri, wa in-state ndi wa out-of-state. Mwana wanu akapita ku Tallahassee, komwe kuli FAMU, adzakhala mlendo ndipo adzalipira wa pamwambawo, pomwe kuno msonkho wanu mukudula kale. Komatu kukhala ku Charlotte pakokha si umboni. Lowani pa RDS, Residency Determination Service, muonetse kuti mwakhala mu North Carolina miyezi 12. Konzeranitu tax return, laisensi ndi lease ya nyumba. Akamaliza amakupatsani nambala ya RCN, yomwe mwana amalemba pa fomu ya sukulu. Ndikukupemphani, adiresi ikhale imodzi pa mapepala onse. Ine laisensi inali ndi adiresi yakale, ndipo ndinathera nthawi yopuma ndili pa foni m'galimoto, chakudya chikuzizira pa mpando.

Amalume a thiraki, Greensboro: Muyang'anenso ngati pulogalamu yomwe akufunayo ili ndi chivomerezo cha ABET, bungwe lomwe limaunika mapulogalamu a engineering. Olemba ntchito amafunsa zimenezo.

Mng'ono wanu wa ku warehouse, Raleigh: Zikomo akuluakulu, ndiponyepo mawu. Amene thumba laperewera aone NC Promise, pulogalamu ya boma la North Carolina yotsitsa tuition. Ku Fayetteville State ndi Elizabeth City State, omwenso ndi ma HBCU aboma, tuition ya in-state ndi $500 pa semesita. Chipinda, chakudya ndi ma fees ena nzapadera, musadzadzidzimuke. Njira ina ndi kuyamba zaka ziwiri ku community college, monga GTCC (Guilford Technical Community College), kenako n'kusamukira ku A&T. Ine ndikuyenda imeneyo.

Anesi a ku Durham: Zoona. Ndipo FAFSA, fomu yopemphera thandizo la ndalama za sukulu ku boma, musaichedwetse. Wa green card amaloledwa, ndipo Pell Grant, thandizo la boma losabweza, imadzera momwemo kwa amene malipiro awo ndi ochepa. Wa viza ya ophunzira ya F-1 saloledwa, choncho amene mukuganiza zoitanitsa mwana wa MSCE kuchokera kumudzi, nkhani yanu ndi ina: I-20 (chikalata chochokera ku sukulu chofunsira viza), umboni wa ndalama za chaka chonse, komanso mufunse kaye ku embassy ku Lilongwe momwe malamulo a viza alili panopa.

Agogo a ku Baltimore: Ana inu, ndakhala ndikuwerenga. Chimandipweteka n'chakuti ena mwa ife timanong'onezana kuti masukulu amenewa ndi a olephera kupeza malo kwina. Anamangidwa pa nthawi yomwe munthu wakuda ankakanizidwa pakhomo la yunivesite: FAMU mu 1887, A&T mu 1891. Kamuzu udokotala anautenga ku Meharry Medical College ku Nashville mu 1937, ndipo Chilembwe anaphunzira ku seminale ya anthu akuda ku Lynchburg, Virginia. Anyamata anayi omwe anakhala pa kauntala ya azungu okha ku sitolo ya Woolworth ku Greensboro pa 1 February 1960, potsutsa tsankho, anali ophunzira a A&T. Ronald McNair, amene anapita mumlengalenga ndi NASA, physics anayambira pomwepo. Mdzukulu wangayo asamve ngati akusankha zotsalira.

Achemwali a ku Charlotte: Ndaweruka tsopano, ndawerenga zonse. Agogo, mawu anuwo ndawatumiza kwa bambo ake. Funso lomaliza, Common Black College Application ija ya $20 tiigwiritse ntchito?

Mng'ono wanu wa ku warehouse, Raleigh: Ndi yothandiza chifukwa fomu imodzi imafika ku masukulu ambiri, koma si HBCU iliyonse ili momwemo. Muone kaye mndandanda wawo. Ya A&T mutsatire zomwe zili pa tsamba lawo la admissions, ndipo mufunse ngati engineering ili ndi zofunika zake zapadera pa masamu. Counselor wa ku high school ndiye amatumiza transcript, mtsikanayo amukumbutse sabata ino.

Amalume a thiraki, Greensboro: Mukalembetsa campus tour mundiuze tsiku. Ndikakhala sindili pa msewu ndidzakudikirani pa geti, bambowo abwerenso adzaone ma lab ndi maso awo.