Funso: station imodzi ikasowa netiweki, query yonse ikuima

Wa ku Bangula: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pali ma sensor 12 oyeza kukwera kwa madzi pa Shire, Ruo ndi Mwanza, komanso zoyezera mvula 8 kumtunda, cha ku Thyolo ndi Mulanje. Chilichonse chimatumiza muyeso mphindi 5 zilizonse pa MQTT (njira yomwe tizipangizo timatumizira mauthenga), nkulowa mu Kafka (yosunga mauthenga pamzere), ma topic awiri: ya mtsinje ndi ya mvula. Flink, pulogalamu yowerengera data pomwe ikufika, imalumikiza ziwirizi m'ma window (zigawo za nthawi) a mphindi 15 kuti chenjezo lituluke madzi asanafike ku Makhanga. Koma netiweki ikadula pa station imodzi, query yonse imangoti zii. Ikabwerera, miyeso ina ikulowa kawiri, ina ikusowa. Mvula yayandikira. Ndiyambire pati?

Mai Code, Nchalo: Achimwene, ziiyo ndi watermark, chizindikiro chouza Flink kuti nthawi ya miyeso yafika pati. Flink imatenga watermark yotsalira kwambiri mwa ma partition (zigawo za topic) onse, ndiye partition imodzi ikakhala chete, nthawi ya job yonse imaima ndipo palibe window yomwe ingatsekeke. Pa WatermarkStrategy onjezani withIdleness kuti partition yachete isamadikiridwe, mphindi 10 zikwana popeza mumatumiza pa 5. Ngati ndi SQL, ndi table.exec.source.idle-timeout.

Koma chenjerani, mankhwala omwewa amabala vuto lachiwiri. Station ija ikadzuka nkutsanula za maola atatu nthawi imodzi, watermark idzakhala itapita kale, ndiye Flink idzaziona ngati zochedwa nkuzitaya mwakachetechete. Mwina ndiko kusowa mukunenako. Zitumizeni ku sideOutputLateData, njira yapambali ya zochedwa, zikalembedwe mu database kuti mbiri ikhale yathunthu. Osakokera forBoundedOutOfOrderness (nthawi yodikira miyeso yochedwa) mpaka maola atatu kuti muzidikire, chifukwa chenjezo nalonso lidzachedwa maola atatu. Pamenepo anthu ali kale m'mitengo.

Wa ku Ngabu: Zobwerezazo ndi QoS 1 ya MQTT. Imalonjeza kufikitsa uthenga kamodzi kapena kuposerapo. PUBACK, yankho lotsimikiza kuti uthenga wafika, ikatayika panjira, chipangizo chimatumizanso. Muyeso uliwonse ukhale ndi station_id ndi nambala yomakwera, zisungidwe ngati key, ndipo polemba mu database ya PostgreSQL gwiritsani ntchito ON CONFLICT DO NOTHING kuti key yomwe ilipo kale isalembedwenso. Nambalayo isungidwe mu flash, memory yosafufutika chipangizo chikazima, apo ayi batire ikatha idzayambanso pa 0 ndipo mudzataya miyeso yabwinobwino.

Onaninso mawotchi. Ka board kopanda RTC (wotchi ya batire yakeyake) kakazima kamatha kudzuka kakuti ndi 1 Januwale 1970. Choopsa kwambiri ndi wotchi yothamanga: muyeso umodzi wa deti la mawa umakankhira watermark kutsogolo, zonse zotsatira nkusanduka zochedwa. Sefani musanawerengere watermark. Zonse zisungidwe mu UTC, nthawi ya dziko lonse; maola awiri omwe Malawi ili patsogolo muwonjezere poonetsa basi.

Mzinjiniya wa madzi: Onse mwanena zoona, koma join yakeyo ndiyo ndikuikayikira. Mvula yogwa ku Mulanje 2 koloko sikweza madzi pa Chiromo 2 koloko yomweyo. Iyenera kutsika ndi Ruo kaye. Kulumikiza pa window imodzi ya mphindi 15 ndi kufananitsa zinthu zosakumana. Pakufunika interval join: muyeso wa mtsinje ulumikizidwe ndi mvula ya maola angapo m'mbuyo, ya dera lomwe limathiradi mumtsinjewo. Maolawo musalote, apezeni pa data yakale, monga ya namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi namondwe Freddy mu Marichi 2023. Dziwaninso kuti pa Chiromo Ruo ikadzaza imatsekereza Shire, madzi nkubwerera cha ku Elephant Marsh, ndiye sensor ya pamenepo imatha kukwera popanda mvula ku Chikwawa.

Wa ku Bangula: Zikomo nonse. Nanga station yoti yangokhala chete, ndingoisiya ngati idle?

Mai Code, Nchalo: Ayi. Kuchetemako nakonso ndi uthenga, mwina madzi akokolola mlongoti. Mu KeyedProcessFunction ikani timer ya processing time (wotchi ya seva) pa station iliyonse; pakadutsa mphindi 20 popanda muyeso, ituluke SMS kwa woyang'anira gauge akaone ndi maso. Ya event time (nthawi yolembedwa pa muyeso) njosadalirika, ingaime pamodzi ndi watermark.

Wa ku Ngabu: Komanso tinene chilungamo, zipangizo 20 kuchulukitsa ndi miyeso 288 ya chipangizo chilichonse ndi mizere 5,760 patsiku. Kafka ndi Flink pa katundu wotere ndi thirakitala m'dimba la masamba. Ngati simukuyembekeza kuwonjezera ma station mazanamazana, database ya TimescaleDB ndi query yothamanga mphindi iliyonse zikwanira, ndipo ka seva kake kangathe kukhala pa sola magetsi akathima.