Za mawu aja a kapitawo, yankho lapezeka

Zikomo nonse amene munayankha funso langa lija. Kwa omwe simunalione, ndinafunsa kuti bwanji agogo kuno ku Lizulu amamutchula kaputeni wa timu yathu ya mpira kuti kapitawo, anyamata nkumaseka ngati alakwitsa, komanso kuti mawuwa anachokera kuti.

Ena munati ndi Chingoni koma ayi ndithu, kwa Angoni wotsogolera anthu pansi pa mfumu amati nduna. Ine ndinatsatira uja anati ndikafunse anzathu a ku Mozambique poti malire ake ndi msewu wa M1 womwewu, kungodumpha basi uli ku Angonia. Tsiku la msika ndinacheza ndi bambo wina wogulitsa kachewere wa ku Ulongwe, tauni ya ku Angonia komweko, anandiuza kuti kwawo wovala kansalu kapamkono mu timu amamuti capitão, Chipwitikizi chimenecho. Nde kapitawo wathuyu anachokera pamenepo, ngati mmene tinatengera nsapato, kalata ndi mbatata.

Aphunzitsi ena anandionjezera kuti capitão ndi captain wa Chingerezi, amene ife timati kaputeni, onsewo muzu wake ndi caput wa Chilatini, kutanthauza mutu. Agogo sanalakwitse olo pang'ono, kungoti kuno kapitawo anakhazikika pa woyang'anira antchito m'maesiteti a fodya ndi tiyi kapena pa ntchito ya msewu, nde achinyamata akamva amangoganiza za bambo wokalipa atanyamula kabuku kolembera maina.

Amene mukulemba fomu ya ligi ingolembani kaputeni kapena mtsogoleri wa timu, mukalemba kapitawo musokoneza anthu.