Amayi anga asintha chimwalirireni bambo, ndi ukalamba chabe kapena matenda?

wa_kuLinthipe:
Moni nonse, ndigawireniko nzeru abale chifukwa mutu wanga waima. Amayi anga ali ndi zaka 74, amakhala kumudzi ku Dedza ine ndili ku Lilongwe kuno. Bambo anatisiya chaka chatha ndiye chibalalikireni anthu pamaliro paja amayi si omwe aja. Munthu woti ankalawirira kudimba kusanache pano amangokhala pakhonde kuyang'ana kumsewu, ku Chigwirizano anasiya kupita, yunifomu ili m'sutikesi. Kudya mpaka kuwakakamiza, thupi latha. Mdzukulu amene amagona nawo akuti 2 koloko usiku amawapeza ali chikhalire pamphasa. Koma chandiopsa kwambiri ndi kuiwala, sabata yatha anasiya nyemba pamoto mpaka poto kupserera, ndalama zomwe ndinatumiza pa Airtel Money anakatenga okha koma sakudziwa pomwe anaika, ukawafunsa kanthu kakang'ono amangoti kaya, mutu wangawu unatha musandivutitse. Tsiku lina pa foni anandiuza kuti bola akanangotsatira amuna awo. Achimwene akuti ndi ukalamba tiwasiye, ine mtima ukukana. Alipo anaonapo zotere?

nesi_wausiku:
Pepani kwambiri achemwali. Ndiyambe ndi mawu aja oti bola akanatsatira bambo, amenewo musawatenge ngati madandaulo wamba ayi. Lero lomwe uzani munthu wamkulu achotse m'nyumbamo tameki, mankhwala a mbewu ndi a kudimba, ndipo asamagone okha. Mutha kuwafunsa mwaulemu ngati amaganizapo zodzipweteka, kufunsa sikumpatsa munthu maganizo amenewo, ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa.

Tsopano za kuiwalazo. Sindingayeze munthu pa intaneti koma mmene mwafotokozeramu zikupendekera ku depression, matenda a kukhumudwa kwambiri aja. Kwa okalamba matendawa amabisala, salira ngati mmene timaganizira, amangosiya kudya, tulo kusowa, thupi kuphwanya, ndipo maganizo amayenda pang'onopang'ono moti munthu amaoneka ngati wayamba dementia, matenda a muubongo oiwalitsa zinthu aja. Kusiyana kwake komwe timaona kawirikawiri nkoti wa depression zimayamba m'masabata kapena miyezi yochepa, nthawi zambiri pambuyo pa chinthu ngati maliro, ndipo mwini wake amadandaula yekha kuti ndikuiwala, ukamufunsa amati kaya osayesa nkomwe kuyankha. Wa dementia zimabwera mwakachetechete kwa zaka, iye saona vuto, amayankha molimba mtima koma zolakwika, mwinanso kusochera panjira yoti waiyenda moyo wake wonse.

Pitani nawo kuchipatala cha boma mukapemphe kuonana ndi nesi kapena dokotala wa matenda a maganizo. Akayezedwe BP, shuga, kuchuluka kwa magazi, mkodzo ndi HIV, ngati nkotheka chithokomironso, chifukwa zonsezi zimatha kusokoneza mutu wa munthu wamkulu. Tengani kabuku kawo ka kuchipatala ndi mankhwala onse omwe akumwa ngakhale azitsamba. Akapatsidwa mankhwala a depression otchedwa amitriptyline funsani bwino za mlingo, kwa okalamba amatha kubweretsa chizungulire, kugwa ndi kusokonezeka, pali enanso ngati fluoxetine. Ndipo mankhwalawa sagwira ngati Panado, pamatenga masabata 4 mpaka 6 kuti muone kusintha ndiye asasiyire panjira. Chinanso ndisakubisireni, nthawi zina depression ya kuukalamba imakhala chiyambi cha dementia kapena zimayendera limodzi, choncho akapeza bwino mumtima koma kuiwala nkupitirira mubwerere nawo.

mJoni:
Sisi zomwe anena anesi ndi zoona, ife tinaona mbali inayo. Agogo athu aamuna zinawatengera zaka mwina 5, anayamba ndi kubwereza nkhani imodzimodzi, kenako kumawaitana amayi anga ndi dzina la mlongo wawo amene anamwalira kalekale, dzuwa likamalowa amanyamula thumba ati akupita kwawo chonsecho ali pakhomo pawo pomwe. Tsiku lomwe anapezeka mbandakucha kuseri kwa nyumba ya eni asanavale bwino ndi pomwe mudzi unayamba kunong'ona kuti agwa pa ndege ya ufiti. Mpaka pano ndikakumbukira misozi imabwera, munthu woti analera theka la mudzi umenewo. Ndiye langizo langa musadikire manong'onong'o, pitani kwa amfumu ndi kwa akulu ampingo muwauze kuti amayi akudwala ndipo ali pa chithandizo. Mukukumbuka za ku Neno mu 2016 okalamba 4 anaphedwa chifukwa mphezi inapha mtsikana, zinthu zimayamba ndi mawu chabe. Lamulo la Witchcraft Act la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndi mlandu, ndipo a MANEPO, bungwe loona za ufulu wa okalamba, amalimbana ndi nkhani zomwezi. Ine ndikanakhala inu ndikanawatenga kukakhala nawo ku Lilongwe.

mayi_a_mapasa:
Apo pa kuwatengera kutauni ine ndikanako pang'ono achimwene. Apongozi anga tinawatenga ndi mtima wabwino koma m'mawa tonse kuntchito ana kusukulu, iwo kutsala okha mumpanda geti yotseka, anafota kuposa kumudzi ndipo ankasokonezeka ngakhale kopita kubafa. Titawabweza kwawo nkupeza mtsikana wachibale wokhala nawo ndi pomwe anayamba kuseka. Pemphani amayi a Chigwirizano azibwera kudzayimba nawo pakhomo, nyimbo zakale zija zimafika pomwe mawu athu safika. Ndipo musawalande ntchito zonse ati apume, apatseni mtedza asende, chimanga atong'ole, adzukulu azikawafunsa mmene amatendelera nkhwani, munthu azimva kuti akufunikabe. Muwayezetsenso makutu ndi maso, apongozi tinkati akuiwala kumachita kuti theka la zomwe tinkanena sankamva nkomwe. Pemphero ndi chipatala siziyambana, chitani zonse. Mukafuna akatswiri a matenda a maganizo chipatala cha St John of God chilipo ku Lilongwe komweko ndi ku Mzuzu, anthu amangodziwa Zomba Mental basi.

wa_kuLinthipe:
Ambuye akudalitseni nonse, ndawerenga ndikulira. Ndaimbira azakhali achotsa kale botolo la mankhwala a tomato lomwe linali kuseri kwa chitseko, ine sindinaliganizire nkomwe. Lachisanu ndikwera minibasi ndikawatenge. Koma anesi ndikawauza bwanji? Akangomva zoti matenda a maganizo aziti ana anga akunditenga wamisala, sangakwere galimoto.

nesi_wausiku:
Musawanamize koma yambirani pomwe iwo akumva kuwawa. Auzeni kuti amayi simukugona, simukudya, ine zikundidetsa nkhawa tiyeni adokotala akaone BP ndi tuloti. Zonsezo ndi zoona. Mukalowa limodzi muwasiye ayambe alankhula okha, inu muwonjezere pambuyo, ndipo mawu aja a pa foni mukawanene ndithu ngakhale pambali. Mulawire, mzere umatalika, muwatengere kabotolo ka thobwa.