Ma fern a masamba opyapyala akungondifera, ndikulakwitsa pati?

Wamaluwa, Thyolo:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Kuseri kwa nyumba kuli malo a mthunzi wokhawokha, pansi pa mitengo ya mapeyala, kamtsinje kali chapafupi. Ma fern wamba, zomera zija za m'mithunzi zosachita maluwa, amakondwa pamenepo. Amene akukana ndi ang'onoang'ono aja a masamba oonekera kuseri ukawaloza kowala, omera pa miyala ndi pa makungwa. Anali pa nthambi yogwa m'munda momwemo. Ndinawachotsapo n'kuwabzala mu mphika wa dothi la manyowa, ndipo ndimathirira madzi a pa mjigo m'mawa ndi madzulo. Sabata isanathe masamba anapiringizika, pano ayamba kuda. Vuto ndi dothi, madzi kapena malo?

Wa ku Likhubula:
Zonse zitatu mayi, koma chachikulu ndi mpweya. Amenewa ndi a banja la Hymenophyllaceae. Tsamba lake, kupatula m'mitsempha, ndi mzere umodzi wokha wa maselo, n'chifukwa chake limaonekera kuseri. Lilibe timabowo totseguka ndi kutsekeka timene masamba ena amatseka kuti asataye madzi, lilibenso khungu lochindikala. Limamwa ndi nkhope yake yonse, ndipo mpweya ukauma limatayanso madzi ndi nkhope yomweyo. Kuthirira mphika sikuthandiza tsamba lotere, mizu yake ndi yogwirira basi, mitundu ina ilibe n'komwe mizu.

Kulakwitsa koyamba kunali kuwachotsa pa nthambi. Kamtsitsi kakuda kamene masamba amamerapo, kowonda ngati ulusi, kamakwawa pamwamba pa khungwa, ndipo mukakakwirira mu dothi la manyowa kamawola. Kachiwiri ndi madzi. Madzi ambiri a pa mjigo amakhala ndi mchere ndi laimu. Akauma pa tsamba lopyapyala chonchi amasiya zoyera zimene zimaliwotcha. Tungani a mvula, koma a mvula yoyamba kutsuka denga atayeni.

Yesani kaye ngati alipo amoyo. Azuleni, muwatsuke dothi, muwaike m'mbale ya madzi a mvula kwa ola limodzi. Tsamba lopiringizika koma lobiriwira limatambasuka, limenelo ndi lamoyo. Lakuda ndi loterera lapita, lidulidwe ndi sizasi.

Wosamala nazale, Zomba:
Ndikugwirizana ndi achimwene a ku Likhubula. Njira yosakayikitsa ndi bokosi la galasi, ndipo si yatsopano: Nathaniel Ward wa ku London anaitulukira mu 1829, ndipo ma fern amenewa akhala akusungidwa motero kuyambira nthawi imeneyo.

Pezani thanki ya galasi yowetera nsomba, ya masentimita 60 m'litali ikwanira. Pansi thirani timiyala totsuka bwino masentimita 4, pamwamba pake makala ophwanya sentimita imodzi kuti madzi asanunkhe. Madzi a mvula afike theka la timiyalato, asapitirire. Kenako ikani mwala wa manthumanthu womwa madzi, kapena khungwa lolimba, mopendekeka, tsinde lake lokha likhudze chinyezi. Pa mwalapo yalani moss wochepa (tizomera tofewa tobiriwira toyala pa miyala ndi pa makungwa ponyowa), mugoneke kamtsitsi ka fern pamwamba, mumange ndi ulusi wa nayiloni mosathinitsa. Njerwa ya simenti ndi konkireti ayi, zili ndi laimu.

Vundikirani ndi galasi, musiye mpata wa mamilimita awiri kapena atatu mbali imodzi. Chinyezi cha mkati chikhale pamwamba pa 90 peresenti, kachipangizo koyezera chinyezi kakuuzani. Ngati mulibe, yang'anani galasi m'mawa: likhale ndi thukuta pang'ono. Likauma, chepetsani mpata. Madontho akamachita kuyenderera tsiku lonse, ukulitseni, apo ayi chuku chilowa.

Chimene chimapha ambiri m'bokosi ndi dzuwa. Ola limodzi lokha likawomba galasi lotseka, mkati mumasanduka uvuni. Mitundu ya m'mapiri imafuna kozizira, pakati pa madigiri 10 ndi 20, ndipo kutentha kukapitirira 25 masiku angapo imafooka. Bokosi likhale pansi, pa simenti yozizira, pamalo owala moti mutha kuwerenga nyuzipepala koma dzanja osaponya chithunzithunzi. Musadalire khoma la kumwera chaka chonse. Kuno kwathu kuyambira Novembala mpaka Januwale dzuwa limadutsa chakumwera, khoma lomwelo limawombedwa.

Wa ku Ruo:
Bokosi ndi labwino, koma mayiwa ali ndi kamtsinje, ndipo fern anadzimerera yekha m'munda mwawo. Zikutanthauza kuti malo oyenera alipo kale, n'kungowapeza. Nthawi zambiri ndi kunsi kwa mwala waukulu m'mphepete mwa madzi, kapena pa tsinde la mtengo masentimita 50 kuchokera pansi, mbali yosafika mphepo. Pamene moss amakhala wobiriwira mpaka Okutobala, pamenepo ndi pake. Nthambi ina ikagwa, isunthidwe yonse ndi moss wake kupita pamalo otero, osasenda kanthu.

Miyezi ya mvula ndi ya chiperoni palibe chochita. Nkhondo ili pa Seputembala mpaka mvula itagwa. Tchingani mphepo ndi mpanda wa udzu, ndipo pamwamba pa mwala ikani chigubu cha malita 20 chobowola ndi singano kuti chizidontha pa mwalawo, osati pa masamba. Dontho limodzi pa masekondi asanu likwanira.

Mtundu nawonso uli ndi gawo. Crepidomanes melanotrichum, amene amapezeka kwambiri kuno kumwera kwa Africa, amapirira chilala: amapiringizika, mvula ikabwera n'kutambasukanso. Ma Hymenophyllum a m'nkhalango za nkhungu pamwamba pa Mulanje ndi Zomba amavuta kwambiri kumunsi kotentha. Kuwasiyanitsa, onani m'mphepete mwa tsamba pamene pali timbewu. Wa Hymenophyllum kathumba kake kamatseguka pawiri ngati milomo, pamene wa Crepidomanes n'kokhala ngati kakapu, kamene pakati pake pamatuluka kaubweya kamodzi.

Chonde a m'nkhalango zotetezedwa tiwasiye komweko. Kuzula zomera mmenemo popanda chilolezo cha a zankhalango ndi mlandu, ndipo chigamba chimodzi chotambalala ngati chikhatho chimatenga zaka kuti chifike pamenepo. Ku Ireland ndi ku Britain fern wa Killarney, wa banja lomweli, anasowa m'malo ambiri chifukwa cha osonkhanitsa a zaka za m'ma 1800, pano amatetezedwa ndi lamulo.

Wosamala nazale, Zomba:
Kuwonjezera pang'ono. Feteleza musathire, ngakhale wosungunula. Amawotcha tsamba n'kubweretsa ndere zoterera zimene zimalikuta. Mankhwala ophera tizilombo nawonso amalowa tsamba lonse nthawi imodzi. Nkhono zitoleni ndi manja usiku ndi tochi, imodzi yokha imamaliza chigamba kusanache. Moss akayamba kupitirira masamba, mumete ndi sizasi. M'bokosi kupopera madzi kamodzi pa sabata n'kokwanira, tsamba lisakhale lonyowa usana ndi usiku. Mukafuna kuchulukitsa, dulani kamtsitsi ka masentimita 5 kokhala ndi masamba atatu kapena anayi. Timbewu take n'tobiriwira ndipo timafa msanga, sitisungika mu envulopu ngati ta ma fern ena.