Mtukula Pakhomo: agogo sangathenso kuyenda, titani?

Funso: Agogo athu ku Makhanga amalandira Mtukula Pakhomo, koma miyendo yafooka, chitupa cha unzika nachonso chinapita ndi madzi. Kodi mpaka awoloke Shire kukafika ku boma ku Nsanje?

Yankho: Ayi achimwene. Yambirani ku komiti ya Mtukula Pakhomo ya m'dera lanu, agogowo asankhe wowalandirira, munthu wamkulu wokhala ndi chitupa chake. Komitiyo ndiyo imafikitsa nkhani ku ofesi ya Social Welfare.

Yankho: Za chitupacho, lipoti la polisi kaye, kenako ku NRB, ofesi yopereka zitupa za unzika, tengani kandalama, pali zolipira. Muonetsetse kuti dzina lalembedwa chimodzimodzi ndi la m'kaundula wa Mtukula Pakhomo. Likasiyana, mumabwezedwa, ya kabaza itapita kale.

Yankho: Ngati ndalamazo zimabwera pafoni, PIN musamuuze ejenti, olo akhale mlamu wanu.